Maso Akasanduka Achikasu: Kayang'anidwe Kake ndi Zoyenera Kuchita

Pa Chichewa timati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma pa nkhani ya chikasu cha m'maso mwambiwu umaperewera, chifukwa kawirikawiri mwini maso ndiye amakhala womaliza kudziwa. Amene amayamba kuona ndi mkazi wake pomuthirira madzi osamba m'manja, mnzake wa kuntchito, kapena wogulitsa pa okala amene wamuyang'ana kumaso popereka chenji. Mwiniwakeyo mwina sakumva kupweteka kulikonse, wangofooka pang'ono ndipo nsima sikumukomera, motero amangoti ndi kutopa. Komatu mbali yoyera ya diso ikasanduka yachikasu, ndiye kuti pali chimene chasokonekera m'magazi, m'chiwindi kapena m'njira ya ndulu, ndipo zina mwa zoyambitsa zake zimatha kupha munthu m'masiku owerengeka. Chikasu ndi chizindikiro chabe cha nthenda imene yabisala kwina, choncho ntchito ya wodwala ndi abale ake ndi kutsimikiza kuti chikasucho ndi chenicheni, kusonkhanitsa zimene dokotala adzafune kumva, ndi kufika kuchipatala nthawi isanathe.

Kumene mtunduwo umachokera

Maselo ofiira a magazi amakhala ndi moyo masiku pafupifupi 120. Akakalamba thupi limawaphwanya, makamaka m'kapamba, ndipo m'zotsalira zake mumatuluka chinthu chachikasu chimene madokotala amachitcha bilirubin. Chiwindi chimatola bilirubin ameneyu m'magazi, chimamusintha kuti athe kusungunuka m'madzi, kenako n'kumutayira mu ndulu. Aliyense amene anatumbulapo nkhuku kapena mbuzi akuidziwa ndulu, kathumba kobiriwira komata ku chiwindi kamene timasamala kuti kasaphulike poopa kuwawitsa nyama. Kuchokera m'kathumbako ndulu imatsikira m'matumbo kudzera m'kanjira kopyapyala, ndipo ndiyo imapatsa chimbudzi mtundu wake wa masiku onse.

Ulendo umenewu umatha kuduka pa malo atatu. Maselo ofiira akhoza kuphwanyika ambiri nthawi imodzi mpaka chiwindi kulephera kutola zonse, monga zimachitikira pa malungo aakulu ndi pa matenda a magazi otengera kwa makolo otchedwa sickle cell. Chiwindi chenichenicho chikhoza kudwala chifukwa cha mavairasi, mowa, mankhwala kapena poizoni. Mwinanso njira ya ndulu ikhoza kutsekeka ndi timiyala kapena chotupa, ndulu n'kubwerera m'magazi. Mwa munthu wamkulu wathanzi bilirubin sapitirira pafupifupi 1.2 mg/dL, ndipo maso sayamba kuoneka achikasu mpaka atafika cha m'ma 2.5 kapena 3. Tanthauzo lake n'lakuti pamene inu mukuona chikasu ndi maso, vutolo layenda kale kamtunda ndithu.

Kayang'anidwe ka diso

Tulukani panja masana, muime pamthunzi pamene pali kuwala kokwanira, monga pakhonde kapena pansi pa mtengo. Nyali ya palafini, kandulo ndi mababu ofiirira amapaka chikasu pa chilichonse, pomwe mababu ena oyera kwambiri amabisa chikasu chochepa, ndipo chithunzi cha pa foni nachonso sichodalirika chifukwa kamera imasintha mitundu yokha. Sambani m'manja, muuzeni munthuyo ayang'ane pansi, inu mukweze chikope cha m'mwamba pang'onopang'ono ndi chala. Mbali yoyera imene imabisika pansi pa chikope cha m'mwamba ndiyo yoyenera kuyang'ana, popeza siipsa ndi dzuwa ndipo siilowa fumbi. Mukatero muuzeni ayang'ane kumwamba, mutsitse chikope cha m'munsi, ndipo muchite chimodzimodzi ku diso linalo. Ngati muli nokha gwiritsani ntchito galasi panja pomwepo, koma ndi bwino kuitana wina, makamaka wa m'banja mwanu amene maso ake mungayerekeze ndi anu.

Apa ndiye pamene pafunika kudekha kumene amati kumaonetsa maso a nkhono, chifukwa pali zinthu zingapo zofanana ndi chikasu zimene zimaopsa anthu pachabe. Anthu ambiri akhungu lakuda ali ndi maso oderako mwachibadwa, nthawi zina okhala ndi timadontho tofiirira, ndipo alimi, asodzi, oyendetsa kabaza ndi amayi ophikira pa nkhuni amakhala ndi maso ofiira chifukwa cha dzuwa, fumbi ndi utsi. Palinso kachotupa kakang'ono kachikasu kamene kamamera pambali pa gawo lakuda la diso, kawirikawiri cha ku mphuno, kamene kamabwera chifukwa cha dzuwa ndipo sikakhudzana ndi chiwindi. Zonsezi zimakhala pa mbali ya diso imene imaonekera kunja, ndipo mukakweza chikope mumapeza pansi pake pali poyera. Chikasu chenicheni chimafalikira mofanana diso lonse, maso onse awiri, mpaka pansi pa zikope. Mukakayika, yang'ananinso pansi pa lilime ndi kumwamba kwa m'kamwa, kumene mtundu wa khungu susokoneza.

Nyengo ya mango imabweretsa chisokonezo china. Mwana amene wadya mango ambiri, mapapaya, maungu, karoti kapena mbatata yofiira m'kati akhoza kukhala ndi zikhatho ndi mapazi achikasu, koma maso ake amakhalabe oyera mbee. Zimenezi sizoopsa ndipo zimatha zokha. Choncho lamulo losavuta ndi ili: khungu lachikasu maso ali oyera kawirikawiri ndi chakudya, koma maso achikasu ndi nkhani ya kuchipatala ngakhale khungu lisanasinthe.

Mkodzo ndi chimbudzi

Mukatsimikiza za maso, chotsatira ndi chimene ambiri amachita nacho manyazi, koma chimene chimathandiza dokotala kuposa zina zonse. Wodwala akodzere m'botolo loyera loonekera m'kati, muliyang'ane pa kuwala. Mkodzo wa munthu amene wangosowa madzi m'thupi umakhala wachikasu kwambiri koma umayera akamwa madzi ambiri. Mkodzo wokhala ndi ndulu umaoneka ngati tiyi wopanda mkaka amene wakhalitsa m'ketulo, suyera ngakhale munthu amwe madzi chotani, ndipo mukaukhutchumula thovu lake limakhala lachikasu. Mkodzo wakuda bii kapena wofiirira ngati zakumwa za kola mwa munthu amene watentha thupi ukhoza kusonyeza kuti maselo ofiira akuphwanyika mofulumira kwambiri, ndipo impso zili pangozi.

Chimbudzi nachonso chionedwe, ngakhale zitanthauze kugwiritsa ntchito chitini kapena pepala kamodzi kokha, popeza m'chimbudzi chokumba simungaone kanthu. Chimbudzi chotuwa ngati phulusa kapena dothi loyera chimasonyeza kuti ndulu sikufika m'matumbo, ndipo chikabwera pamodzi ndi mkodzo wakuda ndi kuyabwa thupi lonse, makamaka usiku, madokotala amaganizira za kutsekeka kwa njira ya ndulu. Chimbudzi chakuda ngati phula, chonunkha moipa, ndi magazi amene atuluka m'kati mwa mimba, ndipo chimenecho sichidikira kuti kuche.

Zimene sizidikira mawa

Munthu wamkulu aliyense amene maso ake asanduka achikasu ayenera kuonedwa ndi a chipatala tsiku lomwelo kapena lotsatira, ngakhale akuyenda bwinobwino. Koma pali zizindikiro zimene zikaoneka, muyenera kufuna galimoto, njinga yamoto kapena ngolo nthawi yomweyo, kaya ndi pakati pa usiku. Choyamba ndi kusokonezeka mutu: wodwala akuwodzera masana ndi kuchezera usiku, akulankhula zosagwirizana, akukwiya popanda chifukwa, manja akunjenjemera, kapena sakudzuka mukamugwedeza. Abale ambiri amatenga zimenezi ngati misala kapena kulodzedwa, pomwe ndi poizoni amene chiwindi chalephera kuchotsa ndipo wafika ku ubongo, kapena ndi malungo a m'mutu. Chachiwiri ndi kutuluka magazi, kaya m'nkhama, m'mphuno, m'masanzi kapena m'chimbudzi, chifukwa chiwindi ndicho chimapanga zinthu zothandiza magazi kuundana. Chachitatu ndi kutentha thupi kwambiri ndi kunjenjemera pamodzi ndi kupweteka pansi pa nthiti za kumanja, kumene kawirikawiri kumasonyeza kuti m'njira ya ndulu yotsekeka mwalowa tizilombo. Kusanza chilichonse chimene wamwa, kupuma movutikira, zikhatho zoyereratu, mimba yotupa msanga ndi mkodzo wochepa kwambiri zilinso m'gulu lomweli.

Mayi woyembekezera amene maso ake asanduka achikasu apite kuchipatala nthawi yomweyo popanda kudikira chizindikiro china kapena tsiku lake la sikelo. Kuthamanga kwa magazi kwa pa mimba kumatha kuwononga chiwindi m'maola ochepa, makamaka ngati pali litsipa, kuona zinthu mwachimbuuzi, kutupa nkhope ndi kupweteka pa chifu, ndipo vairasi yotupitsa chiwindi ya hepatitis E, imene mwa anthu ena imatha yokha, imapha amayi apakati ambiri m'miyezi itatu yomaliza.

Pali mtundu wina wa chikasu umene umanyenga chifukwa cha kufatsa kwake. Munthu wachikulire amasanduka wachikasu pang'onopang'ono popanda kupweteka kapena kutentha thupi, akuyabwa, akuonda, malamba akumukulira. Popeza sakubuula, abale amati tidikire tikolole kaye kapena malipiro atuluke. Kwa ine chikasu chosapwetekachi ndicho choyenera kuopedwa kwambiri mwa munthu wopitirira zaka 50, chifukwa chimatha kukhala chotupa cha khansa chimene chatseka njira ya ndulu, m'chiwalo cha pancreas chimene chili kuseri kwa chifu kapena m'chiwindi momwemo.

Sonkhanitsani mankhwala onse m'jumbo

Musananyamuke, tengani buku la kuchipatala ndipo muike m'jumbo mankhwala onse amene wodwala wamwa m'miyezi itatu yapitayi, ngakhale mapaketi otha. Muikemo a kuchipatala, ogula pa golosale, ogula pa msika, mabotolo a zitsamba otsatsidwa pa wailesi kapena pa Facebook, ndi mizu ya kwa asing'anga. Anthu amabisa zitsamba poopa kukalipiridwa, koma dokotala amene sakudziwa zimene zalowa m'thupi amataya masiku kufufuza kolakwika.

Mankhwala a TB ndiwo oyamba kutchula. Atatu mwa anayi amene amamwedwa m'miyezi iwiri yoyamba, isoniazid, rifampicin ndi pyrazinamide, amatha kutupitsa chiwindi. Rifampicin amafiiritsa mkodzo, thukuta ndi misozi mwa aliyense womwa, ndipo zimenezo zokha sizoopsa, koma maso achikasu, nseru ndi kusanza ndi nkhani ina: wodwala asamwe mankhwala a tsikulo asanaonedwe, ndipo apite ku chipatala chimene amalandirirako tsiku lomwelo kuti a chipatala aone choyenera kuchita. Asangosiya n'kukhala kunyumba, chifukwa TB yosiyidwa panjira imatha kubwerera yosamva mankhwala.

Pa ma ARV nkhani yake ndi yosiyana pang'ono. Nevirapine amatha kuwononga chiwindi, makamaka m'masabata oyamba, ndipo Bactrim, amene ambiri amamwa tsiku ndi tsiku, amatero mwa anthu ochepa. Atazanavir, amene amaperekedwa kwa ena amene mankhwala oyamba anawakana, amadziwika ndi kuchititsa maso kukhala achikasu popanda kuwononga chiwindi, koma amene angatsimikize kuti ndi zimenezo ndi a chipatala atayeza magazi. Musasiye ma ARV panokha. Tenofovir ndi lamivudine, amene ali m'mbulu umodzi umene anthu ambiri amamwa masiku ano, amagonjetsanso vairasi ya hepatitis B, ndipo munthu amene ali ndi mavairasi onse awiri akasiya mwadzidzidzi, hepatitis B imatha kudzuka mwaukali mpaka chiwindi kulephera.

Panado amaoneka wosalakwa chifukwa ali m'nyumba iliyonse, koma ndi chiwindi chimene chimamugaya. Munthu wamkulu asapitirire magalamu 4 pa tsiku, amene ndi mapiritsi 8 a 500 mg, ndipo womwa mowa kwambiri kapena wowonda ayenera kumwa ochepera apo. Vuto limabwera pamene wina akumwa Panado pamodzi ndi mankhwala a chimfine kapena a litsipa amene alinso ndi paracetamol, yemweyo wa mu Panado, m'kati, osadziwa kuti akuphatikiza chinthu chimodzi. Maso akasanduka achikasu, musamwenso mankhwala opha ululu alionse mpaka a chipatala anene.

Pa ulendo wopita kuchipatala kumbutsanani mayankho a mafunso amene mudzafunsidwe: chikasu chinayamba liti, chinayamba ndi kutentha thupi kapena ayi, wodwala amamwa mowa wanji ndipo wochuluka bwanji, kodi pakhomo kapena pasukulu pali wina amene akudwala chimodzimodzi, madzi akumwa amatungidwa kuti, anatemedwapo mphini, analandirapo magazi, anayendapo kunja kwa dziko posachedwa. Za mowa nenani zoona, ndipo tchulani mtundu wake, chifukwa botolo la kachasu ndi chikho cha masese sizilemera mofanana pa chiwindi. M'nyengo ya dzinja musaiwale kutchula bowa. Bowa wina wakupha amatsegula m'mimba ndi kusanzitsa tsiku loyamba, munthu n'kuoneka ngati wachira, kenako pakapita masiku awiri kapena atatu maso amasanduka achikasu chiwindi chitawonongeka kale, choncho onse amene anadya nawo ndiwoyo ayenera kupita limodzi.

Zimene a chipatala amafufuza

Kwathu kuno munthu wotentha thupi ndi maso achikasu amayezedwa malungo choyamba, ndipo m'pake. Malungo amene afika pochititsa chikasu amawerengedwa kuti ndi aakulu, ofuna kugonekedwa ndi kubayidwa jakisoni wa artesunate, osati kumwa LA kunyumba. Amayezanso kuchuluka kwa magazi, ndipo mwa mwana amene chikasu chimabwerabwera pamodzi ndi kupweteka mafupa, kutupa zala ali wakhanda ndi kuchepa magazi pafupipafupi, amafufuza sickle cell, nthenda yotengera kwa makolo onse awiri. Kuyeza kagwiridwe ntchito ka chiwindi ndi kuunika m'mimba ndi makina a sikani sizipezeka pa chipatala chaching'ono chilichonse, motero musadabwe akakutumizani ku chipatala cha boma lanu, ndipo nthawi zina kuchokera kumeneko ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba kapena Mzuzu. Kalata yotumizira isakhale m'thumba sabata yathunthu.

Pemphani kuti ayezenso hepatitis B ngati sanatchule. Bungwe la WHO linawerengera kuti mu 2022 anthu 254 miliyoni pa dziko lonse anali ndi vairasi imeneyi m'thupi mwawo mokhalitsa, ndipo Africa ndi limodzi mwa madera amene ili yochuluka kwambiri. Ambiri anaitenga pobadwa kapena ali ana aang'ono, ena kudzera m'kugonana, m'malezala obwerekana potema mphini kapena pometa, ndi m'majakisoni osawiritsa. Imakhala chete zaka 20 kapena 30 ikuumitsa chiwindi, ndipo chikasu chimatha kukhala chizindikiro choyamba cha chiwindi chouma kapena khansa. Ngozi ya khansa imakula kwambiri ngati munthu wotere akudyanso mtedza ndi chimanga cha chuku, chifukwa chuku chimenechi chimatulutsa poizoni wa aflatoxin amene saphedwa ndi kuphika kapena kukazinga. Chizolowezi chogulitsa mtedza wabwino n'kusinja wofota ndi wowola kuti ukhale nsinjiro za pakhomo ndi chimodzi mwa zimene ndikanakonda zitatha. Hepatitis B ili ndi mankhwala oigonjetsa ngakhale saichotseratu, pomwe hepatitis C masiku ano imachizika ndi mapiritsi a masabata pafupifupi 12.

Hepatitis A ndi E zimayenda m'madzi ndi chakudya choipitsidwa ndi chimbudzi, monga mmene kolera imayendera, choncho zimakonda nthawi ya madzi osefukira pamene zimbudzi zagwa ndipo zitsime zadzaza matope, ngati zimene zimachitika kawirikawiri ku Nsanje ndi Chikwawa. Anthu angapo a pamudzi umodzi kapena a pa sukulu yogonera pompo akasanduka achikasu m'masabata oyandikana, uzani alangizi a zaumoyo kuti madzi aonedwe. Likodzo la m'matumbo nalo limaumitsa chiwindi cha anthu a m'mbali mwa nyanja ndi m'madambo, koma ilo limadziwika kwambiri ndi kapamba wotupa ndi kusanza magazi kusiyana ndi chikasu. Dzina lakuti chikasu limasokonezanso ena ndi nthenda ya yellow fever, imene imafalitsidwa ndi udzudzu ndipo inabuka ku Angola ndi ku Democratic Republic of Congo mu 2016. Nthenda imeneyo si yokhazikika ku Malawi, koma amene wangobwera kuchokera ku maiko kumene imapezeka, monga oyendetsa mathiraki ndi ochita malonda, anene za ulendo wake.

Khanda la masiku ochepa

Chikasu cha makanda chili ndi malamulo akeake. Makanda oposa theka amaoneka achikasu pang'ono m'sabata yoyamba, chifukwa amabadwa ndi maselo ofiira ochuluka amene amaphwanyika msanga pomwe chiwindi chawo sichinakhwime. Chikasu chotere chimayamba pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu, chimafika pachimake cha pa tsiku lachinayi kapena lachisanu, ndipo chimatha pasanathe masabata awiri. Vuto ndi lakuti masiku amenewa ndi omwe mayi ndi mwana ali m'chikuta, m'chipinda cha mdima, mwana atakulungidwa m'nsalu zingapo ndi chipewa kumutu, ndipo amayi ambiri amatuluka m'chipatala chikasu chisanayambe n'komwe. Mwambo wa chikuta suletsa kutsegula zenera. Tsiku lililonse m'sabata yoyamba mayi kapena agogo amufikitse mwana pafupi ndi khomo kapena zenera masana, amuvule kwa kanthawi kochepa, ayang'ane maso akatsegula ndi nkhama, kenako adine pang'ono ndi chala pa mphumi kapena pa mphuno n'kuchotsa. Pamene padinidwapo payenera kuoneka potuwa, osati pachikasu. Chitani chimodzimodzi pa chifuwa, pa mimba, pa ntchafu, m'zikhatho ndi ku mapazi, chifukwa chikasu cha khanda chimayambira kumutu n'kumatsika, ndipo pamene chafika pamasonyeza kukula kwake.

Pitani kuchipatala nthawi yomweyo ngati chikasu chaoneka m'maola 24 oyamba, ngati chafika m'zikhatho ndi ku mapazi, ngati mwana anabadwa masiku asanakwane kapena wochepa thupi, ngati akukana bere, akugona osadzuka kuti ayamwe, watentha kapena wazizira thupi, akulira mokuwa mwachilendo, kapena akupinda msana ndi khosi chagada. Bilirubin akachuluka kwambiri mwa khanda amalowa mu ubongo, ndipo kuwonongeka kwake sikubwerera: mwana amatha kugontha, kulumala ziwalo kapena kumwalira. Chimene chimapweteka mtima ndi chakuti chithandizo chake n'chosavuta. Mwana amagonekedwa pansi pa magetsi a buluu atamuphimba maso, kuwalako kumasintha bilirubin kuti atuluke m'mkodzo ndi m'chimbudzi, ndipo mayi amapitiriza kuyamwitsa. Kuyanika khanda pa dzuwa sikulowa m'malo mwa magetsi amenewa, ndipo kumatha kumuwotcha khungu, kumutenthetsa kapena kumuzizidwitsa. Musamupatse madzi a shuga kapena mankhwala azitsamba. Muyamwitseni ka 8 mpaka ka 12 pa tsiku, usiku womwe, chifukwa mwana woyamwa bwino amachita chimbudzi pafupipafupi ndipo bilirubin amatuluka momwemo. Zovala ndi mabulangete a khanda zisasungidwe ndi timibulu toyera tonunkhira tothamangitsira njenjete, popeza ana ena amabadwa ndi vuto lotchedwa G6PD limene limachititsa maselo awo ofiira kuphwanyika akakumana ndi mankhwala amenewa.

Chikasu chimene chapitirira masiku 14, kapena masiku 21 mwa mwana wobadwa masiku asanakwane, chiyenera kuyezedwa ngakhale mwana akuyamwa ndi kunenepa. Nthawi zambiri chimakhala chosaopsa, koma yang'anani thewera. Chimbudzi cha khanda loyamwa chimakhala chachikasu chowala kapena chobiriwira, ndipo mkodzo wake umakhala ngati madzi. Chimbudzi chotuwa kapena choyera ndi mkodzo wodetsa thewera zikhoza kusonyeza kuti mwana anabadwa ndi njira ya ndulu yotsekeka. Opaleshoni yake imathandiza kwambiri ikachitika mwana asanakwanitse miyezi iwiri, choncho tengani thewera lenilenilo mukaonetse anamwino, ndipo musavomere kungouzidwa kuti zidzatha zokha magazi asanayezedwe.

Kusamalira wodwala pakhomo

Wodwala akatulutsidwa, kapena akauzidwa kuti nthenda yake ndi yotha yokha monga hepatitis A, chofunika choyamba ndi kusiyiratu mowa wa mtundu uliwonse mpaka a chipatala anene, ndipo kwa amene chiwindi chauma ndiye kusiya mpaka kalekale. Ambiri amakhulupirira kuti nzimbe kapena madzi a shuga zimatsuka chikasu. Nzimbe imapatsa mphamvu munthu amene sakudya, ndipo palibe choletsa ngati alibe matenda a shuga, koma siitsegula njira yotsekeka ndipo siipha vairasi. Mbiri yake yabwino inachokera kwa odwala amene akanachira ndithu ngakhale popanda nzimbe, ndipo n'chimodzimodzi ndi zitsamba zambiri zimene zimatamandidwa. Zina mwa izo zimawonjezera katundu pa chiwindi chimene chikulephera kale. Wodwala adye pang'onopang'ono koma pafupipafupi, phala, nsima, nyemba, nsomba, mazira ndi zipatso, ndipo musamumane ndiwo zomanga thupi pokhapokha a chipatala atalamula. Amene mimba ndi miyendo zatupa achepetse mchere. Pa kuyabwa, wengani zikhadabo, asambe madzi ofunda pang'ono ndi kudzola mafuta, ndipo kukanyanya akapemphe mankhwala kuchipatala.

Maso amachedwa kuyera kusiyana ndi mmene wodwala amapezera bwino, ndipo amatha kukhala achikasu masabata angapo chilakolako cha chakudya chitabwerera kale, motero chimene muyenera kuyang'anira ndi mkodzo umene ukunka nuyera ndi chimbudzi chimene chikubwerera mtundu wake. Tsiku lobwereranso kuchipatala lisungidwe ngakhale wodwala ayambe kupita kumunda. Mukasowa wofunsa, nambala ya Chipatala Cha Pa Foni imakulumikizani ndi a zaumoyo a boma, koma pa zizindikiro zoopsa zija imbani muli kale panjira.

Ngati zotsatira zasonyeza hepatitis A kapena E, wodwala asaphikire ena, aliyense asambe m'manja ndi sopo pochokera kuchimbudzi, ndipo madzi akumwa awiritsidwe kapena athiridwe klorini. Ngati ndi hepatitis B, palibe chifukwa chomupatulira mbale, kapu kapena mphasa, chifukwa siiyenda m'chakudya kapena m'kupatsana moni. Zoyenera kupatula ndi lezala, mswachi ndi chowengera zikhadabo. Mkazi kapena mwamuna wake, ana ake, abale ake a bere limodzi ndi mayi ake akayezetse, ndipo amene alibe vairasi afunse za katemera. Ku Malawi katemera wa hepatitis B analowa m'ndondomeko ya ana mu 2002, m'jakisoni wophatikiza amene amabayidwa pa masabata 6, 10 ndi 14, choncho ana ndi achinyamata ambiri obadwa chaka chimenecho chitadutsa ndi otetezedwa ngati anamaliza majakisoni onse atatu, zimene mungatsimikize m'buku lawo la sikelo. Obadwa 2002 isanafike ambiri sanalandire. Mayi amene wapezeka ndi vairasiyi akadzakhala ndi pakati anene pa ulendo woyamba wa sikelo, kuti a chipatala aone ngati akufunika tenofovir m'miyezi yomaliza ndi kukonza zoti mwana adzabayidwe katemera m'maola 24 oyamba atabadwa.